Zamadzimadzi ndi katundu wa m'manja: chifukwa chake malamulo amasiyana pa mabwalo a ndege

Munthu wochokera m'maesiteti a tiyi ku Thyolo akamanyamuka ulendo wa pandege, kawirikawiri sapita chimanjamanja. Kaya ndi mwana amene wapeza malo a sukulu kunja, mayi amene akukaona zidzukulu ku Johannesburg, wogwira ntchito pa kampani ya tiyi amene watumidwa ku msonkhano, kapena mlendo amene wacheza masiku angapo pa esiteti ya Satemwa, m'chikwama mwake mumapezeka zinthu zofanana. Mumakhala paketi ya masamba a tiyi, khofi, mtedza wa makadamiya, uchi, chiponde, komanso botolo la tsabola wa Nali, amene fakitale yake ili ku Luchenza m'boma lomweli. Zina mwa zinthuzi zimafika bwino kumene zikupita. Zina zimathera m'bini ya pa bwalo la ndege, mwini wake akuona.

Chimene chimazunguza ambiri n'chakuti botolo lomwe ladutsa popanda funso pa bwalo loyamba limatha kulandidwa pa bwalo lachiwiri, pa ulendo womwewo ndiponso tsiku lomwelo. Ena amaganiza kuti wachitetezo wangowachitira nkhanza, kapena wasirira chinthucho. Koma nthawi zambiri gwero lake n'lakuti palibe lamulo limodzi logwira ntchito padziko lonse. Katundu wa wapaulendo amadutsa m'manja mwa magulu atatu: achitetezo a dziko lililonse limene akwereramo ndege, kampani ya ndegeyo, ndi oona za katundu wolowa m'dziko limene akupita. Gulu lililonse lili ndi malamulo ake. Wochokera ku Thyolo, amene amakwerera ku Chileka m'boma la Blantyre kapena pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi, amakumana ndi onsewa kangapo, chifukwa ulendo wa ku Ulaya, ku America kapena ku Asia umafuna kusintha ndege m'mizinda monga Johannesburg, Addis Ababa kapena Nairobi.

Kumene lamulo la mamililita 100 lidachokera

Nzeru yophulitsa ndege ndi zinthu zamadzimadzi siidayambe dzulo. Pa 11 Disembala 1994, chigawenga chotchedwa Ramzi Yousef chidakwera ndege ya Philippine Airlines ku Manila chitabisa mankhwala ophulika m'kabotolo ka madzi otsukira timagalasi toika m'maso. Chidasiya bombalo pansi pa mpando n'kutsika ku Cebu. Bombalo lidaphulika ndegeyo ili m'mwamba pa ulendo wopita ku Tokyo ndipo lidapha munthu mmodzi, koma woyendetsa adakwanitsa kutera ku Okinawa.

Zinthu zidasinthiratu mu Ogasiti 2006. Usiku wa pa 9 kuchera pa 10 mweziwo, apolisi a ku Britain adamanga anthu oposa 20 powaganizira kuti amakonza zophulitsa ndege zingapo zochoka pa bwalo la Heathrow ku London kupita ku America ndi ku Canada. Chiwembu chake chidali chothira mankhwala ophulika m'mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi, kuti azioneka ngati sadatsekulidwepo, kenako n'kukalumikiza mabombawo ndege zili m'mwamba. Mu Sepitembala 2009, khothi la ku London lidapeza amuna atatu, Abdulla Ahmed Ali, Assad Sarwar ndi Tanvir Hussain, olakwa pa mlandu wokonza chiwembuchi, ndipo adalamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse.

M'mawa wa pa 10 Ogasiti 2006, mabwalo a ndege a ku Britain adaletsa pafupifupi katundu yense wa m'manja. Anthu ankalowa m'ndege ndi zinthu zochepa chabe monga pasipoti, tikiti, ndalama ndi mankhwala, zili m'jumbo yoonekera m'kati. Amayi a ana a khanda ankauzidwa kuti alawe mkaka pamaso pa achitetezo. Popeza zinthu sizikadapitirira chomwecho, maiko adafuna njira yapakati. Dziko la America lidafewetsa chiletsocho kumapeto kwa Sepitembala, maiko a m'bungwe la European Union adayamba lamulo la mamililita 100 pa 6 Novembala 2006, ndipo bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO, lomwe likulu lake lili ku Montreal, lidalangiza maiko onse kuti ayambe kutsatira muyezowu pofika pa 1 Malichi 2007. Dziko la Malawi ndi membala wa ICAO, choncho wokwera ndege yopita kunja pa Chileka kapena ku Lumbadzi ayenera kuyembekezera lamuloli.

Zimene lamuloli limanena

Pa mabwalo omwe akutsatirabe lamulo lakaleli, chamadzimadzi chilichonse chimene munthu akufuna kulowa nacho m'ndege chiyenera kukhala m'botolo kapena m'chitini chosaposa mamililita 100. Timabotolo tonseto tiyenera kukwana m'kajumbo kamodzi ka pulasitiki koonekera m'kati, kotsekeka pakamwa, kosaposa lita imodzi, komwe kukula kwake kumakhala pafupifupi masentimita 20 mbali zonse. Munthu aliyense amaloledwa kajumbo kamodzi, ndipo amakatulutsa m'chikwama pofika pa makina ounikira katundu.

Mfundo imene ambiri amaphonya ndi yakuti achitetezo amayang'ana kukula kwa botolo, osati kuchuluka kwa zomwe zatsala m'kati. Botolo la mafuta odzola la mamililita 400 limalandidwa ngakhale mutatsala mafuta a pansi pokha. Koma botolo lopanda kanthu limadutsa, ndipo munthu angathe kuthiramo madzi akumwa akadutsa pa achitetezo.

Pali zinthu zimene zimaloledwa kupitirira muyezowu. Mankhwala a kuchipatala omwe munthu akufunika kumwa kapena kubaya pa ulendowo, monga a matenda a shuga, amaloledwa, koma ndi bwino kunyamula kalata ya dokotala ndiponso kusiya mankhwalawo m'mapaketi ake olembedwa dzina. Mkaka ndi chakudya cha mwana wakhanda zimaloledwanso pamlingo wokwanira ulendowo. Zonsezi muyenera kuzionetsa nokha kwa achitetezo musadafunsidwe, chifukwa amaziyeza padera.

Katundu wa ku Thyolo: chamadzimadzi n'chiti?

Kwathu kuno tikati chamadzimadzi timaganiza za madzi, thobwa kapena mafuta ophikira. Pa bwalo la ndege tanthauzo lake n'lotambasuka. Chilichonse chimene chingathiridwe, kupakidwa, kufinyidwa kapena kupoperedwa chimawerengedwa m'gululi. Choncho uchi, jamu, yogati, tsabola wa m'botolo, mankhwala otsukira mano, mafuta odzola, pafyumu ndi mankhwala opopera udzudzu zonse zili pansi pa lamuloli. Ngakhale chiponde, chimene ife timachiona ngati cholimba, bungwe loona za chitetezo pa mabwalo a ndege ku America la TSA lidanena poyera mu 2023 kuti limachitenga ngati chamadzimadzi. Botolo la tsabola, la uchi kapena la chiponde lomwe timagula m'golosale kawirikawiri limaposa mamililita 100, motero malo ake ndi m'sutikesi yomwe imaperekedwa pa kauntala kuti ikaikidwe kunsi kwa ndege.

Masamba a tiyi, khofi wosagaya ndi mtedza wa makadamiya n'zouma, choncho lamulo la zamadzimadzi silizikhudza. Mungathe kuzinyamula m'manja. Koma tiyi wofulula kale amene ali m'fulasiki ndi chamadzimadzi, ndipo adzakuuzani kuti mumwe kapena mutaye musadadutse.

Zinthu za ufa zili ndi nkhani yakeyake. Mu Julayi 2017 apolisi a ku Australia adatulukira chiwembu chofuna kuphulitsa ndege ya Etihad yochoka ku Sydney, ndipo kutsatira zimenezo maiko ena adayamba kuyang'anitsitsa zaufa. Kuyambira pa 30 Juni 2018, wokwera ndege yolowera ku America amene wanyamula m'manja zaufa zoposa mamililita 350, omwe ndi mlingo wa chitini cha zakumwa, angathe kuimitsidwa kuti ziyezedwe padera, ndipo zikakanika kudziwika bwino siziloledwa kulowa nazo m'ndege. Izi zikukhudza ufa wa nsima, nsinjiro, khofi wogaya ndi mkaka wa ufa. Tiyi wambiri wa ku Thyolo amatuluka m'fakitale ali timibulu tating'onoting'ono, choncho paketi yaikulu ingathenso kuchititsa wachitetezo kutsekula chikwama. Paketi yosatsekula yokhala ndi dzina la kampani imafulumizitsa zinthu kusiyana ndi masamba othiridwa m'jumbo wamba.

Mowa waukali monga Malawi Gin umaloledwa m'sutikesi ya kunsi ngati uli m'botolo lake la ku fakitale losatsekula. Malamulo a katundu woopsa amalola malita osaposa 5 pa munthu mmodzi ngati ukali wake uli pakati pa 24 ndi 70 peresenti. Woposa 70 peresenti ngoletsedwa kotheratu chifukwa umayaka moto msanga.

Chifukwa chake mabwalo amasiyana

Chifukwa choyamba n'chakuti ICAO siilamula maiko ngati boma. Bungweli, lomwe lidabadwa kuchokera ku pangano la ku Chicago la mu 1944, limaika miyezo ndi malangizo, koma dziko lililonse limalemba malamulo ake ndipo lili ndi ufulu woonjezerapo. Mwachitsanzo, ku South Africa lamulo la mamililita 100 limagwira pa maulendo otuluka m'dziko, pomwe pa ulendo wa m'dziko momwemo, monga kuchoka ku Cape Town kupita ku Johannesburg, siligwira. Mmalawi amene amagwira ntchito ku Cape Town angadutse ndi botolo lalikulu la mafuta pa ndege yoyamba, koma n'kulandidwa pa O.R. Tambo pamene akukwera ya ku Blantyre. Mipeni nayonso ili chimodzimodzi. Malamulo a European Union amaletsa mpeni kapena sizasi yomwe mbali yakuthwa yaposa masentimita 6, pomwe ku America mpeni wakuthwa suloledwa m'manja ngakhale utachepa bwanji.

Chifukwa chachiwiri ndi makina. Makina akale ounikira katundu amaonetsa chithunzi cha mbali imodzi kapena ziwiri, ndipo sangathe kusiyanitsa madzi akumwa ndi mankhwala ophulika. N'chifukwa chake adaganiza zochepetsa mlingo. Makina atsopano otchedwa CT, ofanana ndi amene madokotala amaunikira m'thupi la munthu, amajambula chikwama mbali zonse ndipo kompyuta yake imayeza chimene chili m'botolo. Pomwe pali makinawa, wapaulendo safunika kutulutsa laputopu kapena timabotolo m'chikwama. Vuto ndi lakuti ndi odula komanso olemera kwambiri, moti mabwalo ena adachita kulimbitsa pansi pa nyumba zawo asadawaike. Choncho mabwalo sadawagule nthawi imodzi.

Ngakhale maiko olemera akhala akusinthasintha maganizo pa nkhaniyi. Bwalo la Shannon ku Ireland lidasiya lamulo la mamililita 100 mu 2021, ndipo la London City lidatsatira mu Epulo 2023. Boma la Britain lidauza mabwalo akuluakulu kuti akhale ataika makinawa pofika Juni 2024, koma ambiri adalephera. Pa 9 Juni 2024 bomalo lidabwezeretsa lamulo lakale pa mabwalo 6 omwe adali atalisiya, kuphatikizapo London City ndi Newcastle. European Union nayo idabwezeretsa lamuloli pa 1 Sepitembala 2024 itapeza kuti makinawo sadali kukwaniritsa muyezo poyeza mabotolo akuluakulu. Patatha miyezi ingapo zinthu zidatembenukanso. Mu Julayi 2025 mabwalo a Edinburgh ndi Birmingham adayamba kulola mabotolo ofika malita 2, ndipo mwezi womwewo European Union idavomereza makina ena, moti mabwalo a ku Rome ndi ku Milan, kenako la ku Dublin, adamasula lamuloli. Komabe mabwalo ambiri a ku Ulaya adapitiriza ndi mamililita 100. Ngakhale pa mabwalo ena a ku Britain omwe amalola malita 2, fulasiki ya chitsulo imayenera kudutsa yopanda kanthu, chifukwa makinawo saona bwino m'kati mwake. Zotsatira zake n'zakuti munthu angapite ndi botolo lalikulu pa bwalo lina, koma pobwerera n'kulisiya pa bwalo linzake.

Chifukwa chachitatu ndi kusintha ndege. Mukatsika pa Bole ku Addis Ababa kapena pa O.R. Tambo kuti mukwere ndege ina, mumaunikidwanso, ndipo lamulo lomwe limagwira ndi la pamalopo, osati la kumene mwachokera. Madzi omwe mudagula mutadutsa kale pa achitetezo ku Chileka, kapena omwe adakupatsani m'ndege, amasanduka oletsedwa pamenepo. Zogula m'masitolo a m'kati mwa bwalo la ndege, monga pafyumu ndi mowa, zimatetezeka pokhapokha wogulitsa akaziika m'jumbo yapadera yomata, yomwe imaonetsa ngati yatsekulidwa, lisiti lili m'kati mooneka. Jumboyo isatsekulidwe kufikira mutafika kumene mukupita. Ku America amafunanso kuti lisitilo lionetse kuti katunduyo wagulidwa m'maola 48 apitawo.

Chifukwa chachinayi ndi anthu. Pafupifupi paliponse, wachitetezo amene ali pa makina ali ndi mphamvu yokana chinthu chimene chamukayikitsa ngakhale sichidalembedwe pa mndandanda wa zoletsedwa. Komanso kudutsa ndi chinthu tsiku lina sikutanthauza kuti n'chololedwa, mwina sichidaoneke chabe. Mawu akuti "ulendo wapita ndidadutsa nacho" sathandiza pamzere.

Kukula ndi kulemera kwa chikwama cha m'manja

Achitetezo amaona zomwe zili m'chikwama, koma kukula ndi kulemera kwake kumakhala m'manja mwa kampani ya ndege. Apanso palibe muyezo umodzi. Ethiopian Airlines, yomwenso ili ndi gawo la 49 peresenti mu Malawi Airlines, imalola chikwama chimodzi cha makilogalamu 7 kwa okwera pa mipando wamba. Pa mabwalo a ku South Africa, kuyambira Febuluwale 2015, muyezo wa mipando wamba ndi makilogalamu 7 ndipo chikwama chisapose masentimita 56 m'litali, 36 m'lifupi ndi 23 kukhuthala, kuonjezapo kachikwama ka laputopu kapena ka amayi. British Airways imalola chikwama cha m'manja chofika makilogalamu 23, pomwe makampani otsika mtengo a ku Ulaya monga Ryanair amalola kwaulere kachikwama kokwana pansi pa mpando kokha. Ngati ulendo wanu uli ndi makampani awiri, tsatirani muyezo wa yomwe ili yolimba kwambiri.

Ndege zina zoyenda m'chigawo chino cha Africa, monga Q400 ndi Embraer, zili ndi malo ochepa oikamo zikwama pamwamba pa mipando. Chifukwa cha ichi, ogwira ntchito amatha kukulandani chikwama pakhomo la ndege n'kukachiika kunsi. Zikatero, tulutsani kaye pasipoti, ndalama, mankhwala, laputopu ndi mabatire.

Amene amadutsa ku Johannesburg adziwenso kuti kuyambira pa 25 Malichi 2019, pa O.R. Tambo adasiya kulandira pa kauntala katundu wobulungira, wokulungidwa m'bulangete kapena wa zingwe zazitali zolendewera, chifukwa amakola malamba onyamula katundu. Mtolo uliwonse uyenera kukhala ndi mbali imodzi yosalala.

Mabatire amayenda mosemphana ndi zamadzimadzi

Pofuna kupewa mavuto, anthu ena amangoponya zonse m'sutikesi ya kunsi. Pa mabatire kumeneku n'kulakwitsa. Power bank ndi mabatire apadera a foni kapena kamera ayenera kukhala m'chikwama cha m'manja, chifukwa batire la lithium likayaka anthu ali pafupi amathamangira kuzimitsa, pomwe kunsi palibe woliona. Mabatire osaposa 100 Wh amaloledwa, a pakati pa 100 ndi 160 Wh amafuna chilolezo cha kampani ya ndege, ndipo oposa pamenepo saloledwa. Nambalayi imalembedwa pa batirepo, ndipo lomwe zolemba zake zidafufutika lingathe kukanidwa. Ndege ya Air Busan itapsa pa bwalo la Gimhae ku South Korea pa 28 Januwale 2025, makampani angapo adakhwimitsa malamulo. Singapore Airlines idaletsa kugwiritsa ntchito power bank m'ndege kuyambira pa 1 Epulo 2025, ndipo Emirates idachita chimodzimodzi pa 1 Okutobala chaka chomwecho.

Chipata chomaliza: polowa m'dziko la eni

Katundu amene wadutsa bwino pa achitetezo onse angathe kulandidwabe pofika, chifukwa maiko amateteza ziweto ndi mbewu zawo ku matenda. Britain ndi maiko a European Union salola wapaulendo wochokera ku maiko ngati Malawi kulowetsa nyama kapena zopangidwa kuchokera ku mkaka. Uchi amalola makilogalamu osaposa 2, ndipo nsomba zouma kapena zowamba, monga usipa ndi chambo, amalola makilogalamu osaposa 20 pa munthu. Ku America ndi ku Australia, chakudya chilichonse chiyenera kunenedwa pofika, ndipo wobisa amalipitsidwa chindapusa ngakhale chinthucho chikadaloledwa akadachinena. Zipatso zaziwisi, monga nthochi ndi mapeyala a ku Thyolo, komanso mbewu zodzala, ndizo zimakanidwa kawirikawiri. Tiyi wa m'paketi ya ku fakitale ndi khofi wokazinga sizivuta m'maiko ambiri.

Polongedza katundu

Njira yodalirika ndi kulongedza motsatira bwalo lomwe lili ndi malamulo okhwima kwambiri pa ulendo wonse, kupita ndi kubwera komwe. Tsabola, uchi, chiponde, mafuta odzola ndi mowa zipite m'sutikesi ya kunsi. Zivindikiro zake zimatidwe ndi selotepi, botolo lililonse likhale m'jumbo yakeyake, ndipo likulungidwe m'zovala pakati pa sutikesi kuti lisasweke kapena kuchucha. Mipeni, malezala ndi sizasi zipitenso momwemo, pamodzi ndi ufa wochuluka. M'chikwama cha m'manja mukhale zikalata, ndalama, mankhwala, foni, laputopu, mabatire, chovala chimodzi chosinthira, ndi timabotolo tosaposa mamililita 100 tili m'kajumbo kake. Yezani zikwama pa sikelo musadachoke pakhomo, chifukwa kulipira makilogalamu oonjezera pa kauntala n'kodula.

Popeza malamulowa akhala akusintha chaka ndi chaka, kutatsala masiku ochepa kuti munyamuke funsani kampani ya ndege kapena amene adakugulitsani tikiti, ndipo onani pa intaneti zomwe bwalo lililonse lomwe mudutsepo likunena. Wachitetezo akakana chinthu pa bwalo lomwe mwayambira ulendo ndipo nthawi ilipo, mungapemphe kubwerera ku kauntala kuti chikaikidwe kunsi, kapena kukachipereka kwa abale omwe akuperekezani. N'chifukwa chake ndi nzeru kuti operekeza ochokera kutali ngati ku Thyolo asafulumire kubwerera kufikira mutawaimbira foni kuti mwadutsa. Pa bwalo losinthira ndege mwayi umenewu kulibe, ndipo botolo la uchi lomwe agogo adakupatsirani adzukulu awo limatsala pomwepo.